Mwana wanga ankanunkhira mango

Ine fodya ndimamudziwa ndi mphuno. Ndinakulira m'chigafa, ndinakwatiwanso m'banja lolima fodya yemweyo. Mulungu watidyetsa naye, sindingakane. Koma mwana wanga wamkazi woyamba ndinamuletsa kulowa m'munda wa fodya. Ndinkati iyeyu agwire cholembera, phula lija limatirire m'manja mwa ife amene tinalekezera pulayimale. Ndinkadzitamanso kwa amayi anzanga a Mvano kuti mwana wanga atangoyesa kusuta, ndingamumve asanafike pakhomo.

Ali fomu 3 ankakhala ndi anzake m'kanyumba ka lendi pafupi ndi sukulu, n'kumabwera kunyumba Lachisanu. Inali nyengo yothirira nazale, dzuwa likuswa mtengo. Sabata zimenezo ine ndinkangokhalira pamzere wa feteleza wotsika mtengo, chiphaso m'manja, akalaliki akuti netiweki yavuta mubwere mawa. Ndikafika kunyumba ndinkangomuona mwanayo ndi maso otopa.

Zovala zake ndinkachapa ndine, chifukwa ndinkafuna aziwerenga. Bulauzi yake inkanunkhira mango akupsa, pamene m'mitengo anali adakali aawisi. Ndinamuseka.

"Mayi wanga, mafuta odzolawa ndiye a ku Boma. Undipatseko ndikanunkhire kutchalitchi."

Anangomwetulira, n'kuyang'ana kumbali.

Loweruka lina ndinamupeza kuseri kwa bafa akusanza. Sabata yotsatira chimodzimodzi. Chakudya ankangotola pang'ono, mutu ukumuwawa, ukali pa zinthu zosafunika ukali. Mtsikana wokhala yekha kusukulu, nseru m'mawa, fungo lachilendo: mayi aliyense kwathu kuno akadaganiza zomwe ndinaganiza ine. Ndipo nkhani yotere mayi safunsa yekha. Ndinapemphera, kenako ndinakauza alangizi a kutchalitchi kwathu, mayi wachikulire amene anamulangiza atatha msinkhu.

Anabwera masana, anthu akuona. Analowa naye kuchipinda, ine n'kukhala pakhonde kumasenda chinangwa chomwe sindinachiphike n'komwe. Patapita nthawi alangizi anandiitana.

"Lowani, amake mwana. Pathupi palibe. Koma pali ichi."

Pamphasa panali kanthu kobiriwira, kotalika ngati chala, kosalala bwino. Ndinakadziwa. Ndinali nditakatchajapo ndekha pa sola limodzi ndi foni, ndikuyesa ndi katochi.

Mwana wanga maso anali atafiira. "Amayi, mpaka kundiitanira anthu? Mwandiyesa wotero?"

"Nanga ichi n'chiyani?" ndinamufunsa.

"Amati vepu. Si fodya ayi, ndi mpweya wa mango chabe. Kusukulu aliyense amakoka. Kuli wa mavwende, wa sitiroberi."

"Aliyenseyo ndi mwana wa yani?" anatero alangizi. "Ine wanga ndi iwe."

Ndinakatola. Kukamwa kwake kunali timadzi tomata. Ndinapaka pachala n'kulawa. Poyamba kutsekemera ngati switi, kenako pansi pake panatuluka kuwawa kumene ndakudziwa moyo wanga wonse, kuja kumatsalira m'zala ukathyola fodya, ngakhale usambe ndi sopo kawiri. Pomwepo ndinakumbukira matenda a m'munda. Ukathyola masamba onyowa ndi mame, zovala n'kunyowa, pofika masana umamva chizungulire, thukuta lozizira, nseru. Ndagonapo nawo kangapo pansi pa chigafa. Mwana amene ndinamubisa kwa mamewo anali kudwala matenda omwewo, tsamba asanalikhudze, ine n'kulephera kuwazindikira.

Ndinati, "Uyu ndi fodya, mwana wanga. Angomuveka zovala."

Mwanayo anandiyang'ana m'maso. "Nanga amene mukuthirira kudamboyo adzasuta ndi ana a ndani?"

Alangizi anamudzudzula kuti salankhula choncho kwa mayi ake. Madzulo ndinapitabe kunazale ndi kheni yanga, chifukwa mbande sizidikira kuti mtima ukhale pansi. Ndazolowera kupempherera mvula ndi mitengo yabwino ku okushoni. Tsiku limenelo ndinangoti, Ambuye, mukudziwa ndinu.

Kanthu kaja bambo ake anakaponya m'chimbudzi. Ndinkayesa zathera pomwepo. Koma masiku otsatira, akakhala kunyumba, mwanayo ankangozungulira pabwalo, kuluma zikhadabo, kukalipira azing'ono ake. Tsiku lina anandiuza motsitsa mawu kuti, "Amayi, ndikufuna kusiya, koma mutu sukugwira." Ndinamugwira dzanja, tinapemphera, ndinamuphikira tiyi wa mandimu. China sindinkadziwa.

Choipa n'chakuti anthu anali ataona alangizi akulowa m'nyumba mwanga. Pachitsime amayi ankamuyang'ana pamimba. Miyezi inadutsa, mimba osaoneka, ena n'kumanong'ona kuti anachotsa. Mbiri imeneyo ndinaiitana ndine, ndi miyendo yanga. Ndinamupepesa. Anati, "Zatha, Amayi," koma kuchitsime anasiya kupita.

Ndikuthokoza Mulungu kuti sukulu sanasiye. Ngati vepu uja anasiya, sindikudziwa. Ndikamufunsa amati anasiya, ndipo ndimafuna kumukhulupirira. Kungoti kuyambira nthawi imeneyo, Lachisanu akamabwera, zovala zake amabwera atachapiratu yekha kusukulu. Ndimazitenga kuti ndimusitire. Ndikatseka chitseko ndimazinunkhiza, ndipo zimangomveka sopo.