Tsabola wa Amayi Pawindo Langa

Lero ndalowetsa m'nyumba ndowa ya tsabola wa kambuzi pothawa chisanu, ndipo fungo la dothi lonyowa landikumbutsa ubwana wanga m'tauni ya Germantown, kutsidya kwa nyanja.

Kukayamba kuzizira, amayi ankakankha bedi langa n'kuika tsabola wawo pawindo la kuchipinda kwanga, poti dzuwa linkafika pokhapo. Akaweruka kuntchito yosamalira okalamba, ankayamba akhudza dothi lake asanandipatse moni. Zinkandiwawa bwanji!

Tsiku lina ndinawafunsa, "Amayi, mwana wanu ndine kapena tsabolayu?"

Anaseka. "Iwe unabadwira konkuno, chisanu unachizolowera. Mnzakoyu ndi mlendo ngati ine."

Ndinanyanyala, chakudya osachikhudza. Sindinkadziwa kuti tsabolayo akapulumuka chisanu, amayi nawonso ankalimba mtima kuti apirira.