Mmene Ndinagwadira M'munda wa Mphesa

Mundikhululukire kuti ndalimba mtima kulemba. Sukulu yanga ndi ya kumudzi, ndipo mpaka pano ndikagwira cholembera ndimamva ngati aphunzitsi aima kumbuyo kwanga. Koma nkhaniyi ndikaiyamba pakamwa mawu amandithera panjira, ndiye ndati ndiyese papepala.

Ndinabwera ku Perth nditangomaliza Folomu 4. Achemwali anga, omwe ndi namwino, anandiitanitsa kuti ndidzaphunzire ntchito yosamalira okalamba. Iwo anakwatiwa ndi mzungu wa konkuno, ndipo amakhala pamunda wa mphesa wa apongozi awo kuchigwa cha Swan. Mundawo si waukulu: mizere ya mipesa, shedi ya malata momwe muli migolo ya vinyo, ndi kachipinda kakutsogolo komwe alendo amabwera Loweruka ndi Lamlungu kudzalawa ndi kugula. Ogwira ntchito ndi apabanja okhaokha. Mwini munda ndi bambo a alamu anga. Ana a m'nyumbamo amawatcha agogo, ine ndinangotengera.

Mphesa ndinkangozimva m'Baibulo, koma ntchito ya kumunda sinandivute. Ndinaphunzira kuphimba mizere ndi maukonde kuti mbalame zisatimalizire, kudula mphesa ndi sizasi m'mamawa dzuwa lisanakwiye, ndi kutsuka matambula mpaka osaoneka chala. Ndinkafunitsitsa kuti asadandaule kuti ananditenga.

Agogo anali ndi vuto la chiuno, choncho ankakhala pampando waufupi pakhomo la shedi. Nyengo yokolola ankalawa za m'migolo tsiku lililonse. Alamu ankatunga pang'ono m'tambula n'kundituma kuti ndikawapatse. Kwathu munthu wamkulu akakhala pansi sumupatsa chinthu uli chiimire ngati ukumulondera. Ndiye ndinkagwada, tambula ndi manja awiri.

Tsiku loyamba agogo anadzidzimuka, ankayesa ndagwa.

"Wapweteka, mwana wanga?"

Achemwali atawafotokozera, agogo anaseka mpaka kutsokomola. "Mwana wanga weniweniyu amandiponyera makiyi ali pakhomo. Munda wonsewu ndilembera mtsikanayu."

"Mumulemberenso thirakitala yakufa ija," anatero alamu ali m'shedi.

Madzulo achemwali anandikokera pambali. "Iwe, kuno zogwadazo kulibe. Ngati mawondowo akukuyabwa uzigwadira ine, ndine ndinakukweza ndege."

Ndinayesa. Ndinkafika pamaso pa agogo nditatsimikiza kuti lero ndiima, koma mawondo ankapinda okha. Nawonso agogo anazolowera. Ankalandira, kununkhiza, kulawa, kulavula pansi, kenaka n'kundisisita pamutu. Nthawi zina ankandinunkhizitsa, poti ine sindimwa. Tsiku lina nditawauza kuti zikununkha ngati masawu oti agonera m'thumba, anandifunsa za masawu mpaka alamu anachita kubwera kudzaona chimene chandichedwetsa.

Loweruka lina mu Febuluwale kunatentha koopsa. Ndinali nditangomaliza kutsuka pansi m'shedi, ndiye ndinali wopanda nsapato, chitenje chitanyowa ndiponso chitathimbirira ndi madzi a mphesa. Minibasi ya alendo inali itangofika. Alamu anandipatsa tambula mwachangu n'kuthamangira kukawalandira. Ndinapita kwa agogo, ndinagwada pamiyala, maso pansi. Iwo anaika dzanja pamutu panga monga mwa masiku onse.

Nditadzuka ndinaona mayi wina wovala chipewa chachikulu atandilozetsa foni. Ananditsatira kuseri kwa shedi n'kundifunsa motsitsa mawu ngati ndili bwino. Ndinati inde, pepani. Sindikudziwa chimene ndinkapepesa. Anafunsanso ngati ndimaloledwa kutuluka pamunda pano ndikafuna. Ine ndinkafuna aone kuti ndine mwana woleredwa bwino, ndiye ndinati, "Ayi amayi, sindituluka ndisanapemphe." Anandigwira paphewa, nkhope yake ili yachisoni. Ndinabwerera kumatambula anga ndikuganiza kuti ndayankha bwino.

Chithunzicho anandionetsa ndi mnzanga wa m'kalasi tikudikira basi ku Morley. Bambo wachizungu wokalamba ali pampando, dzanja lake pamutu pa mtsikana wakuda wopanda nsapato, atagwada pamiyala. Pansi pake panali mawu anga omwe aja, ndi dzina la munda wathu. Anthu anali atalemba zambirimbiri. Mawu akuti kapolo ndinawawerenga kangapo ndisanabweze foniyo. M'basi monse ndinaphimba nkhope ndi chikwama.

Kunyumba foni inali isakupuma. Ena ankatukwana n'kudula. Wina anapaka penti pachikwangwani cha pageti. Loweruka lotsatira tinayala matambula, tinatsegula mabotolo, koma kunabwera galimoto imodzi yokha, ndipo anthu ake sanatsike, anangojambula shedi. Mphesa zofiira zinali zitapsa, tinkakolola chamumtima, aliyense mumzere wake. Agogo anasiya kubwera kushedi. Alamu ankalawa okha n'kumaima nthawi yaitali akuyang'ana mgolo.

Ine mantha anga anali amodzi: kuti andichotsa pamundapo. Ndinkadzuka onse asanadzuke, ndinkanyamula makireti awiriawiri, ngati kuti ntchito ingafufute chithunzi.

Amayi a kumpingo nawo sanakhale chete. Wina anaimbira achemwali. "Amake mwana, ndiye mng'ono wanu munamuitanira zimenezi?" Wina anati mwanayo alibe mlandu, akunowa ndiwo osaleredwa. Chithunzicho chinafika mpaka kumudzi, ndipo mayi anga anatumiza mawu pafoni: "Kugwadako wagwada bwino mwanawe, koma chitenje chimenecho bwanji? Sopo kulibe kumeneko?" Achemwali anaseka mpaka misozi, kenaka misoziyo sinasiye.

Patapita masiku kunabwera mayi wochokera ku ofesi yoona za apantchito. Asanafike achemwali anandikhazika pabedi. "Umuyang'ane m'maso, wamva? Ukakayang'ana pansi akaganiza kuti tinakuopseza. Ndipo usakapepese chilichonse."

Anandifunsa ndili ndekha m'kachipinda ka alendo. Kuyang'ana munthu wamkulu m'maso nthawi yonse ija kunali ngati ndavula. Anafunsa amene amasunga pasipoti yanga, ndinakaitenga m'chikwama changa. Anafunsa za sukulu, za chipinda chimene ndimagona, ngati ntchito ya Loweruka amandilipira. Zonse zinali m'malo mwake. Pomaliza anati, "Anakuuza kuti uzigwada ndani?"

"Mayi anga," ndinatero.

Anatseka kompyuta yake n'kunena kuti sakuona vuto lililonse. Achemwali analemba pa intaneti kufotokoza mwambo wathu, koma amene anawerenga anali ochepa kuyerekeza ndi amene anaona chithunzi.

Madzulo a tsiku limenelo ndinapita kukhonde kwa agogo kuti ndikapepese. Anali pampando, foni ili pamwendo. Ndisanaganize n'komwe ndinali nditagwada kale.

"Chonde imirira," anatero. "Chonde."

Ndinaimirira, manja osadziwa kowaika.

"Ndakhala ndikuchiyang'ana chithunzichi," anatero. "Ndikanakhala mlendo, nanenso ndikanaganiza zomwezo. Mkulu wako anandiuza kuti ndi ulemu, ndipo ndikudziwa kuti ndi ulemu. Koma zinkandikoma, mwana wanga. Munthu wokalamba amene palibe amamufunsanso kanthu, zinkandikoma. Ndikanakuletsa tsiku loyamba lomwe lija."

Ndinkafuna kuwauza kuti sanalakwe, kuti kwathu dzanja la agogo pamutu ndi dalitso. Chingerezi chinandithawa. Ndinangoti pepani, iwo n'kutembenuzira nkhope kumipesa.

Palibe anandiuza kuti ndichoke. Alendo anayamba kubwerera pang'onopang'ono, ngakhale ena ankasuzumira kuseri kufuna kuona mtsikana uja, ndiye alamu anandipempha mwaulemu kuti Loweruka ndizikhala m'nyumba. Koma chimene ndinaona n'chakuti ndikakhala kusukulu, agogo ankapita kushedi kukalawa vinyo wawo. Ndikakhalapo, ankatsekera m'chipinda. Tikakumana pakhonde ankayesetsa kudzuka msanga ndi chiuno chawo chija kuti ndisawapeze atakhala. Tsiku lina anatsala pang'ono kugwa.

Vinyo wa chaka chimenecho ankafunika lilime lawo. Alamu ananena okha patebulo kuti mgolo wina sakuumvetsa. Ndiye ndinapita kwa achemwali n'kuwapempha kuti andipezere kokhala. Anandikalipira kaye, ati ndine wopusa ngati nkhuku yonyowa, kenaka anaimbira mayi wina wa kumpingo ku Canning Vale amene anali ndi chipinda chopanda munthu, pafupi ndi nyumba ya okalamba komwe ndinkaphunzirira ntchito.

Tinadikira kuti kukolola kuthe ndi maukonde tipinde. Alamu ananyamula chikwama changa kukaika m'galimoto, akuseka mokakamiza kuti matambula awo aziwatsukira ndani. Agogo anayenda ndi ndodo mpaka pageti, pomwe chikwangwani chinali chitapakidwa penti yatsopano. Anandipatsa dzanja. Ndinalilandira ndi manja awiri, ndili chiimire. Ndinachoka pamundapo Lolemba la Pasaka, chaka chathachi.