Kaseti ya ku Banaba

Ndinataya mkazi, mwana amene anali naye m'mimba, nyumba ya ku Luwinga imene ndinalephera kugonamo ndekha, ndi mawu ake. Pa zitatu zoyambazo anthu anandipepesa. Za mawu palibe amene anatchula. Nkhope yake ndili nayo pa zithunzi za ukwati, koma kayankhulidwe kake, mmene Chichewa chake chinkatererekera ku Chitumbuka akapsa mtima, sizinasungidwe paliponse. Sizinachitike mwangozi. Zinayambira pa kaseti ina yotuwa, ine ndili sitandade folo.

Kasetiyo inali ya aphunzitsi amene tinayandikana nawo ku Katoto, mu Mzuzu. Nyumba zathu zinali za khoma limodzi, moti iwo akatsokomola ife tinkamva. Ife tinali obwera. Bambo anasamutsidwa kuchokera ku Zomba kudzagwira ntchito ya ukalaliki, ndipo tinkakhala ndi amalume, achimwene awo a mayi. Aphunzitsi ankakhala ndi mwana wawo mmodzi, mtsikana wa msinkhu wanga, wa mawondo otuwa, amene ankandiseka kuti ndimanena yewo, zikomo wa Chitumbuka, ngati ndatsamwa ndi munga wa nsomba. Ndiye anadzakhala mkazi wanga. Mayi ake anali atamwalira chaka cha m'mbuyo mwake.

Pa kasetiyo panalembedwa liwu limodzi ndi inki yobiriwira: Banaba. Aphunzitsi anapatsidwa ndi wansembe wina wachizungu amene anagwirapo ntchito ku zilumba za m'nyanja yaikulu ya Pasifiki asanabwere kumpoto kuno. Ankatiuza kuti Banaba ndi kachilumba kamene anthu akunja anakakumba mpaka kukatsiriza pofuna miyala yopangira feteleza, eni ake n'kuwakweza chombo kupita nawo ku chilumba china chakutali. Nyimbozo zinajambulidwa kumeneko, anthu akuvina zakwawo pa dziko la eni.

Inali nyengo yachisanu. Chifunga chinkagona m'mitengo ya paini mpaka masana, mvula yowaza osaleka, zovala pachingwe kununkha nkhungu osauma. Chakumadzulo aphunzitsi ankakoleza mbaula, kuika mabatire pambali pake kuti atenthedwe apezeko mphamvu, n'kutiitana ana awirife. Pobweza tepi ankazunguliza ndi cholembera, kuopa kutha mabatirewo.

Choyamba kumveka inali mphepo. Kenako mwamuna mmodzi ankafuula, gulu lonse n'kulowa nthawi imodzi, amuna pansi, akazi pamwamba, mawu owongoka ngati nsungwi. Ng'oma yachikopa munalibe. Ankamenya bokosi lathabwa ndi zikhatho, ena akuomba m'manja, ndipo nyimbo inkakwera ndi kufulumira mpaka kuduka mwadzidzidzi ngati wina wamenyetsa chitseko. Pansi pa zonsezo pankamveka kaphokoso ka waa, waa, kamene ine ndinkayesa kuti tepi yawonongeka. Aphunzitsi anati ayi, amenewo ndi masiketi audzu a ovina. Kuyambira tsiku limenelo ndikatsinzina ndinkawaona.

Mbali yachiwiri wansembe uja anaisiya yopanda kanthu, ndipo aphunzitsi anajambulako akazi awo akanali moyo. Mayiwo anatenga nyimbo imodzi ya ku Banaba, yodekha, n'kuiveka mawu a Chitumbuka. Ankaimba okha, akumenya tebulo ndi chikhatho. Pakati pa nyimbo anadukiza n'kukalipira mwana kuti achotse mapazi pamoto, kenako n'kuseka, n'kupitiriza. Tepi ikafika pamenepo, mtsikana uja ankabweza mapazi ake kuchoka pa mbaula. Nthawi zonse ankatero.

Ine Chitumbuka ndinkamva cha pamsika chokha. Sindinkadziwa kuti nyimboyo imatchula midzi ya kumapiri kumene boma linachotsako anthu a kwawo kwa mayiwo kuti pakhale malo a nyama, mudzi ndi mudzi, mtsinje ndi manda, n'kufunsa amene analamula ngati nyama zidzalimira manda a makolo. Ndinkangoona kuti mbali imeneyo aphunzitsi amaitsitsa kwambiri, mitu yathu kugundana pa wailesi.

Amalume anali mlembi wa chipani m'dera lathu. Sanali munthu woipa mtima, ndipo zimenezi ndi zimene zimandiwawa koposa. Ankatigulira masikono, ankanyamula ana a eni paphewa. Chaka chimenecho anapatsidwa ntchito yokonzekeretsa amayi a m'dera kukavina pa zikondwerero za mu Julaye, ndipo ankadandaula kuti nyimbo zawo ndi zomwezomwezo, amayi a madera ena adzawaposa. Nyimbo za ku Banaba anazimvera kukhoma. Loweruka lina masana anakagogoda, ine ndili momwemo.

"Aphunzitsi, tibwerekeniko kanyimbo kanu kachilendo kaja. Ndi ntchito ya boma."

Aphunzitsi anayamba kufotokoza kuti tepiyo ndi yakale, imakodwa m'wailesi za eni. Amalume anaseka, n'kufunsa ngati muli china chimene chipani sichiyenera kumva. Anafunsa mwanthabwala. Masiku amenewo nthabwala zotere zinkasowetsa anthu. Aphunzitsi anatulutsa kaseti, kuipukuta ndi malaya, n'kuipereka ndi manja awiri. Mwana wawo sanalire. Anangondiyang'ana ine, ngati kuti amalumewo ndinachita kuwaumba ndekha.

Masiku otsatirawo pafupi ndi chitseko cha aphunzitsi panakhala kachikwama. Munali bulangete, jekete, sopo ndi Baibulo. Ndinawafunsa ngati akupita kumudzi, anati mwina. Ndinawamva akuphunzitsa mwana wawo njira ya kwa azakhali ake, kumubwerezetsa ngati masamu: akakwere pati, akatsike pati, akafunse ndani. Mbaula sankakolezanso.

Amayi ankaphunzirira kuseri kwa nyumba yathu, mayi anga ali momwemo, poti panalibe wokana. Anamvera mbali yoyamba, kuseka chilankhulocho, koma kamenyedwe anakagwira msanga. Posachedwa anali ataika mawu otamanda mtsogoleri wa dziko pa nyimbo yodekha ija, n'kuifulumizitsa kuti ichite kuvinika. Ndiye tsiku lina amalume anatembenuza kaseti kuti aone ngati kuli zina. Mawu a malemu anatulukira pabwalo mokweza, mmene sanamvekerepo chijambulireni.

Amayi ambiri pamenepo anali Atumbuka. Kuomba m'manja kunaleka. Wina anawerama kumanga chitenje chimene chinali chomanga kale. Wina anayamba kufuna mwana amene anali kumsana kwake. Amalume anali atakhala zaka ku Mzuzu osaphunzira chilankhulocho, poti ankati chimene sichimveka pa wailesi n'chotayitsa nthawi. Anafunsa kuti mayiyu akuti chiyani. Mayi anga ankagulitsa zitumbuwa kumsika waukulu ndipo ankamva liwu lililonse. Anati ndi nyimbo yotonthozera mwana.

"Achimwene, mbali iyi ikungowonongeka. Tijambulepo yathuyi, amayi azidzimvera okha pamene akulakwitsa."

Amalume anayesa kudina batani lofiira, linakana. Aphunzitsi anali atathyola timapulasitiki ta pamwamba pa kaseti kuti wina asadzajambulepo molakwitsa. Mayi anang'amba kapepala ka paketi ya shuga, kukatafuna, n'kutseka timabowo tonse tiwiri, kukanikiza ndi chikhadabo. Batani linalola. Ndinaimirira pomwepo, ndipo ndinanyadira kuti mayi anga amadziwa zinthu zimene amuna sadziwa. Amalume anakondwa kumva amayi awo akuimba m'wailesi moti anajambula mbali zonse ziwiri.

Anaibweza okha, atavala malaya achipani, n'kunena kuti tsopano muli nyimbo zomveka. Aphunzitsi anaika mbali yachiwiri pomwepo. Munatuluka gulu la amayi, mawu a mayi anga ali pamwamba, nthungululu, mapazi pa dothi lonyowa. Anamvera ataweramitsa mutu. Kenako anathokoza amalume, n'kutuluka kupita pamene mayi ankatsuka mbale, kuvula chipewa. Anati yewo chomene, amama. Anabwereza. Mayi sanadzuke, sanawayang'ane, anangopitiriza kukwecha poto amene anali woyera kale. Madzulo ake kachikwama kaja kanachoka pachitseko.

Mtsikana uja anatenga wailesi n'kukakhala nayo pansi pa tebulo. Anamvera mbali yachiwiri yonse mpaka batani linadumpha. Munalibe chotsala. Anatembenuza. Kumapeto kwenikweni kwa mbali yoyamba, amayi atamaliza, kunatsala kachidutswa: zikhatho pa bokosi, mwamuna akufuula, waa, waa wa masiketi, basi. Anabweza ndi cholembera n'kuyambiranso mbali yachiwiri, ngati kuti mwina ulendo uno mayi ake apezekamo. Anachita zimenezi mpaka mabatire anatha, mawu a amayi aja akukokeka ngati a anthu oledzera.

Tsiku la zikondwerero ana a sukulu anatindandalika m'mbali mwa msewu ndi timbendera, mvula ikuwaza. Amayi a dera lathu anadutsa akuimba nyimbo yawo yatsopano ndipo anthu anaikonda. Mtsikana uja anaomba m'manja ngati wina aliyense, poti anyamata achipani a malaya ofiira ankayendera mizere kuona amene sakuomba. Ndinaima pambali pake. Milomo yake inkayenda mosiyana ndi ya amayi aja, koma mawu sankatuluka.

Sindinamvetse chifukwa chimene aphunzitsi anatumizira mayi nkhuku sabata yomweyo, kapena chimene mayi anaiperekera kwa anthu ena osaidya. Sindinamvetse chifukwa chimene mwana wawo analekera kulowa m'nyumba mwathu. Ndinkayesa wakwiyira nyimbo za ku Banaba, ndipo ndinamulonjeza kuti ndikadzakula ndidzapita kumeneko kukamutengera zina. Anandiuza kuti ndine chitsiru. Sanalakwe.

Ndili ku koleji ndinafufuza dzina la chilumbacho m'mabuku. Ndinapeza mizere ingapo ya miyala imene inakumbidwa ndi maiko amene anapindula nayo. Za nyimbo panalibe. Za nyimbo ya apongozi anga, amene sindinawaonepo, n'zosachita kufunsa. Amene anaimva kuseri kwa nyumba yathu anaphunzira kuiiwala tsiku lomwelo.

Mkazi wanga anandifotokozera zonse kamodzi kokha, titangolowa m'nyumba ya ku Luwinga, akupachika makatani osandiyang'ana. Anati amayi anu anapulumutsa adada, zimenezo ndikuzidziwa, koma sindidzawakhululukira, ndipo musadzandifunse kuti ndisankhepo chimodzi. Sindinamufunse. Mayi akabwera ankawagwadira, kuwaphikira, kuwatenthetsera madzi osamba. Sanaimbepo pamaso pawo. Kutchalitchi kwaya imene ankaimbamo ikamajambula nyimbo, iye tsiku limenelo ankadwala mutu. Pa ukwati wathu anakaniza mnzanga amene anabwera ndi wailesi yojambulira. Ankati chojambulidwa chimabwerekedwa, ndipo wobwereka sakanizidwa.

Ndine munthu wophunzira ndipo ndinkaona kuti maganizo amenewa ndi olakwika. Ndikuonabe choncho. Koma sindinalimbane naye, poti ndinkati nthawi ilipo, zinthu m'dziko zidzasintha, naye adzafewa.

Atagonekedwa m'chipatala, adokotala atasiya kundiyang'ana m'maso, ndinabwereka wailesi yojambulira kusukulu kumene ndimaphunzitsa. Ndinagula kaseti yatsopano ndi mabatire. Ndinaibisa m'jekete, n'kuiika pa kabati ya pambali pa bedi, kuseri kwa fulasiki, chala chili pa batani lofiira. Sindinkafuna nyimbo. Ndinkafuna angonena chilichonse, ngakhale kundikalipira. Anali atatsinzina, koma anamva kulira kwa chivundikiro cha kaseti, ndipo anatsegula maso. Ndinachita zimene ananena. Ndinakhala pamenepo, dzanja lake lili m'manja mwanga, kudikira, ndipo sanayankhulenso. Mawu ake omaliza anali awa:

"Yayi, chotsani icho. Khalani pano, mumve nokha."