Kamushafuti ya Amuna Anga

Mpaka lero, ndikamva galimoto itaima n'kumalira mwabefu ngati munthu wa chifuwa, mtima wanga umawawa. Anzanga amati ndine mayi wosachedwa kupsa mtima. Eya, sindikana. Chinandiyambitsa ndi chitsulo chotalika ngati mkono wangawu, chimene amakaniko amati kamushafuti. Ine namwino, wodziwa za jakisoni ndi mabandeji, dzina limeneli sindinaliphunzire mwa kufuna kwanga.

Tinali ku Mzimba masiku a chipani chimodzi, misewu yambiri idakali yafumbi. Kwathu ndi ku Ntcheu, koma boma linatitumiza kumpoto, ine kuchipatala, amuna anga ku ofesi ya za ziweto. Ntchito yawo inali yozungulira m'madibi a ng'ombe, lero ku Edingeni, mawa cha ku Jenda, mkuja kwina. Anali munthu waphokoso, woseka mpaka misozi, wosadziwa kunong'ona. Ndipo zaka zimenezo kusadziwa kunong'ona kunali matenda oopsa kuposa amene tinkachiza kuchipatala. Mantha anga anali amodzi okha: kuti tsiku lina adzaonekera kwambiri, anthu achipani n'kunditengera mwamuna. Ambiri anali atatengedwa kale pa zifukwa zosamveka mutu wake.

Tinali ndi kagalimoto kobiriwira kamene tinagula kwa mzungu wa za nkhalango ku Luwawa pamene ankabwerera kwawo. Kanali kofatsa ngati bulu. Kankadzuka m'mawa uliwonse, ngakhale m'chisanu cha Juni, koma pamtunda, mayo ine! Kankakwawa moti agalu ankatiperekeza akungoyenda, osathamanga n'komwe. Ine sizinkandikhudza, bola kufika. Amuna anga ndiye zinkawadya mumtima.

"Amayi, injini iyi mphamvu ili nazo," ankatero. "Ikungobanika basi. Ikufuna mpweya."

Amene anasonkhezera motowo anali makaniko wina wa kuseri kwa msika, Mtumbuka amene anakhalitsa kumigodi ya ku Zambia. Anabwerako ndi bokosi la zitsulo, ndipo m'menemo munali kamushafuti yochokera m'galimoto ya mipikisano ya azungu, ya injini yofanana ndi yathu. Loweruka lina ndinatopa n'kudikira, ndinapita konko kukaona chimene chinkawasowetsa amuna anga pakhomo. Ndinapeza galimoto ili yasa, matumbo onse panja, zitsulo ziwirizo zitagonekedwa pathumba, chathu ndi chachilendocho.

"Onani, amama," anatero makaniko uja m'Chichewa chake chosakaniza. "Timapiri iti ndito timakankha mavalavu, zitseko za injini, kuti mpweya ndi petulo zilowe, utsi utuluke. Pa yanuyi timapiri n'tating'ono. Pa iyi n'tatali chomene. Chitseko chikutseguka kwambiri, chikuchedwanso kutseka. Mbwenu galimoto ikupuma ngati mnyamata."

"Nanga amene anapanga galimotoyi anali opusa poikamo tating'onoto?" ndinafunsa.

"Yayi, amama. Iwo anapangira agogo opita kutchalitchi."

Amuna anga anaseka mpaka kugwira m'mimba. Koma ndisamunamizire makaniko uja, chenjezo anapereka, ine ndikumva ndi makutu angawa. "Adada, kanthu kamodzi," anatero. "Iyi sikonda kuyenda pang'onopang'ono. Ikufuna injini izizungulira mwamphamvu. Mukaiyendetsa ngati mwanyamula maliro izitsokomola, mwina kuzima kumene."

"Ndani akufuna kuyenda ngati wanyamula maliro?" anatero amuna anga.

Ndinawauza pomwepo kuti walira mvula walira matope. Anandiyankha kuti matope amachapika.

Matope ake sanachedwe. Kagalimoto kofatsa kaja kanasanduka chinthu china. Ikaima injini ikulira, inkanjenjemera yonse, gudugudu, kenako zii ngati yafa, kenako gudugudu kachiwiri. Kuti inyamuke, ankayenera kuponda mafuta kwambiri n'kumasiya kilachi pang'onopang'ono, fungo la zopserera lili thoo. Petulo inkamwa ngati mlimi wa fodya pa Jenda tsiku logulitsa. M'mawa uliwonse mzere wonse wa nyumba za boma unkadzuka nafe, aphunzitsi, apolisi, makanda omwe. Koma ikafika pamsewu woongoka, injini n'kukwera mawu, ha! Chilungamo chake, inkauluka. Amuna anga ankafika kunyumba dzuwa lidakalipo, fumbi mpaka m'nsidze, akuimba nyimbo za kwaya. Kamushafuti yakale ija anaitaya kuseri, ine n'kuitola, ndinkatsekera chitseko cha khola la nkhuku.

Mzimba wa nthawiyo anali waung'ono, ndipo anthu wamba okhala ndi galimoto anali owerengeka. Posakhalitsa aliyense ankaidziwa galimoto ya adokotala a ng'ombe ndi kulira kwake. Ine pamenepo tulo tinayamba kundithawa.

"Bambo," ndinawachonderera tsiku lina tikumwa tiyi pakhonde, "kuno ndife obwera. Chikatigwera tilibe mbale wotilankhulira. Bwezeranimo chitsulo chakale chija."

"Kodi kamushafuti nayonso imafunika khadi la chipani?" anafunsa mokweza, ngati ali padibi pakati pa ng'ombe.

Ndinawatseka pakamwa ndi dzanja, maso anga ali kumpanda wa aneba. Iwo anangondiluma chala mwamasewera n'kupitiriza kuseka.

Tsiku lake linali Lamulungu, m'chilimwe chenicheni, fumbi la mumsewu litafewa ngati ufa. Titatuluka m'tchalitchi tinanyamuka kupita cha ku Luwawa kukaona namwino mnzanga amene anali atangobereka kumene.

Tsono pali chinthu chimene a lero sangachimvetse. Wapampando wa chipani m'dera lathu anali ndi galimoto yakuda, yaitali, ya kambendera kutsogolo. Bambo ameneyo ankakonda kuyenda pang'onopang'ono, mawindo ali chitsegulire, dzanja lili panja, kuti anthu amuone bwino n'kumuvulira zipewa. Palibe amene analengeza pamsonkhano, koma aliyense ankadziwa kuti galimoto imeneyo saipitirira. Malole a matabwa, mabasi, ngakhale ambulansi yathu yomwe, zonse zinkandondozana pambuyo pake n'kumamwa fumbi lake mwaulemu. Fumbi linali ndi kolowera kwake: linkachoka kwa akuluakulu kupita kwa ife, osati kubwerera.

Galimoto yakudayo tinaipeza m'munsi mwa mtunda wautali wolowera m'nkhalango ya paini. Amuna anga anachepetsa liwiro, tinakhala pambuyo. Pomwepo galimoto yathu inayamba matenda ake aja, kutsokomola, kudukiza, kutigwedeza mitu ngati tikuvomera mlandu.

"Imani pambali, bambo," ndinatero. "Tidikire apite."

"Ndikaima pamtunda pano sinyamukanso, amayi. Titsetsereka chammbuyo mpaka kumtsinje."

"Ndiye titsetsereke! Chonde, bambo, ndagwira mwendo wanu."

Mwina zoti sinyamukanso zinali zoona, sindidziwa. Chimene ndidziwa n'chakuti ndinawayang'ana kumaso, ndipo m'maso mwawo munalibe mantha ngakhale pang'ono. Munali chimwemwe cha munthu amene wakhala akudikira mtunda ngati umenewu. Anatsitsa giya, n'kuponda mafuta mpaka pansi.

Injini inakuwa. Sindinaimvepo ikulira choncho. Tinadutsa galimoto yakuda ija ngati yaima. Ndinaona dzanja lija likubwerera m'kati msangamsanga, ndinaona malaya oyera ndi duku la mayi amene anakhala kumbuyo. Kenako sindinaonenso kanthu, chifukwa fumbi lathu lofiira linawakwirira onse, ndipo mawindo awo anali chitsegulire.

Pamwamba pa mtunda amuna anga ankamenya chiwongolero ndi chikhatho, misozi ili mbwembwembwe ndi kuseka. "Mwaiona, amayi? Mwaiona ikapuma bwino?"

Ine manja anali kumutu. Kwa mnzanga kuja khandalo ndinalinyamula, koma mukandifunsa ngati linali lalimuna kapena lalikazi, sindikumbuka.

Sabata isanathe, anthu achipani anakawatenga amuna anga padibi ku Edingeni, ali m'magambutsi, pamaso pa alimi ndi ng'ombe zawo. Mlandu sunalowe m'khoti lililonse. Zimene ndinkamva zinali za m'manong'onong'o: akuti anamwetsa chipani fumbi, akutinso munthu wokonza galimoto kuti iziuluka, pafupi ndi malire chonchi, ndiye kuti ali ndi kothawira kapena ali ndi amene amawanyamula. Taonani, chitsulo cha timapiri chinasanduka chiwembu choukira boma! Makaniko uja anatseka garaja n'kuwoloka malire, ndipo sindimuda, ndikanakhala iye ndikanachita zomwezo. Amene ndimawada mpaka lero ndi anzanga a kuchipatala, amene ndinkadyera nawo mbale imodzi. Nthawi ya tiyi ndikakhala pabenchi, aliyense ankakumbukira kuti ali ndi wodwala womudikira. Aneba amene ankadandaula ndi phokoso la m'mawa anapeza mtendere umene ankaufuna, moni womwe anasiya. Munthu mmodzi yekha anaponda pakhomo panga, mlimi wachikulire amene anabweretsa chipewa cha amuna anga chimene chinagwa padibi paja. Anati, "Pepani chomene, amama," n'kubwerera asanakhale pansi.

Mvula inagwa, inatha, anthu anakolola. Galimoto inali pansi pa mtengo, matayala ataphwa, nkhuku zikuikira mazira pampando. Ndinkaitukwana m'mawa uliwonse popita kuntchito, koma kuigulitsa ndinalephera, ndipo ndani akanaigula?

Amuna anga anabwera masana ena, wapansi, mutu wometedwa, thalauza litamangidwa ndi chingwe. Ndinalira mokuwa mpaka aneba anasuzumira pamawindo. Iwo anangondigwira paphewa n'kunena motsitsa, "Chepetsani mawu, amayi." Amuna anga, kundiuza ine kuti ndichepetse mawu! Zimene anawachita kumeneko sanandiuze, ndipo nditaona msana wawo posamba sindinafunsenso.

M'mawa mwake anapita kukhola la nkhuku, anachotsa chitsulo chakale chija pachitseko, anachitsuka dzimbiri ndi palafini. Anaphwasula injini okha, mwakachetechete, osaimba, osaimba ngakhale mluzu. Atabwezeramo chakalecho, chatsopano chija anakachiponya m'chimbudzi. Galimoto inalira bwinobwino, mofatsa, ngati kale. Ntchito anawabwezera. Kutchalitchi anthu anayambanso kutipatsa moni, ankati tithokoze Mulungu kuti zatha bwino. Ine amene ndinalirira chitsulo chakalecho, ndinali nditapatsidwa chimene ndinapempha, ndipo ndinkadziuza kuti kuseka kuja kubwerera, angofunika kudya bwino ndi kupuma.

Patapita nthawi ndithu, tsiku lina ndinawaperekeza ku Edingeni. Msewu unali pululu, woongoka, wotakata. Kutsogolo kwathu kunali ngolo ya ng'ombe yodzaza chimanga, woyendetsa wake mkulu wina wa chijasi chong'ambika. Amuna anga anachepetsa liwiro n'kukhala pambuyo pake. Ndinayesa akudikira malo abwino, koma malo onse anali abwino. Mkulu uja anacheuka, anapatutsira ng'ombe zake kumbali, n'kutikodola ndi chikwapu.

"Jumphani, adada! Pitani!"

Sanapitirire. Mkulu uja anakodolanso, anadabwa, kenako anangotisiya. Tinkayenda liwiro la ng'ombe, ntchentche za pangolo zikulowa pawindo. Mkwiyo wonse umene ndinausunga chitengedwere chawo unaphulika.

"Bambo, pitirirani!" ndinakuwa. "Ndi ngolo iyi! Ngolo ya ng'ombe! Pondani mafuta, ndikupemphani, pondani ngakhale kamodzi kokha!"

Sanandiyang'ane. Anayankha monong'ona, ngati m'galimotomo muli munthu wachitatu.

"Sitikudziwa kuti ngoloyi ndi ya ndani, amayi."

Pamenepo ndinadziwa kuti anthu aja sanandibwezere amuna anga. Tinaitsatira ngoloyo mpaka inakhota yokha kulowera kumudzi.