Fulashi ya chinkhoswe

Ndinali ndi mafulashi awiri akuda, ofanana ngati mapasa. Mu imodzi munali vidiyo ya chinkhoswe cha mwana wanga, momwe malemu amuna anga akuvina atavala jekete yobwereka. Kwina kulikonse vidiyoyo kunalibe. Inayo inali ya nyimbo za kwaya, ndipo inagwidwa ndi vayirasi.

Ine sindikhulupirira munthu. Mdzukulu wanga atati ndimange kaulusi pa ya chinkhoswe, ndinakana, poti chizindikiro chimalozera wakuba. Ndinangosunga m'mutu zimene ndinaona pa laputopu yake: ya chinkhoswe kompyuta inkaitcha E, ya kwaya F. Ndinkayesa ndi maina aubatizo, osasinthika.

Ndinapita nawo mumsika wa Ndirande, kwa bambo wina woika nyimbo m'mafulashi. Kumupatsa m'manja ndinakana. Ndinazungulira tebulo n'kuwalowetsa ndekha mu kompyuta yake.

"Achimwene, F mufufute zonse. E musamukhudze."

"Agogo, tiyambe tatsegula tione."

"Muone chiyani? Za m'nyumba mwanga? Fufutani."

Anandiyang'ana, n'kutsegula F yemweyo ine ndikukana. Apo amuna anga atulukira pagalasi, jekete ikupendama, akuponda sitepe yawo ija yochititsa manyazi. Ndinamutembenukira bamboyo.

"Mwasinthanitsa nthawi yanji?"

"Mwalowetsa nokha, agogo. Ine manja anga ali pa mandasi."

Anandiuza kuti kompyuta siidziwa fulashi ndi nkhope. Imagawa zilembo ngati mzere wa pa kiyosiki ya madzi: wafika koyamba ndiye woyamba. Sindinamvere. Ndinawazula, n'kuyamba kulowetsa ya chinkhoswe. Inakhala E. Nditayamba ndi ya kwaya, ya chinkhoswe inakhala F. Anthu odikira mafilimu anayamba kung'ung'udza, ine ndili kalikiliki kufuna kugwira makina bodza.

"Tiipatse dzina lake mkatimo," iye anatero. "Limenelo ndiye silisintha, kaya muilowetse ku Bangwe. Tilembe CHINKHOSWE?"

"Kuti aliyense adziwe muli zabwino? Lembani MALIRO."

Anaseka mpaka kutsamwa, koma analemba. Ya kwaya anaifufuta ine nditagwira inzakeyo m'chikhatho, nditafumbata zolimba.

Zikomo sindinanene bwinobwino. Munthu anali atakana lamulo langa pamaso pa anthu, ndiponso anali ataona mavinidwe a amuna anga osapempha. Ndinamanga MALIRO pamfundo ya chitenje, n'kukwera minibasi ndikuyang'ana kondakitala ndi diso limodzi.