Mbalame ya a Sumani

A Sumani, amene ankakhala kuseri kwa nyumba yathu ku Liwaladzi, ndimawakumbukira ndi fungo la phula lomwe ankasungunula m'chitini pomata bwato lawo, utsi wake wakuda ukulowa mpaka m'zovala zimene amayi ayanika. Anali munthu wosakhulupirira aliyense. Ukawapatsa moni, ankayamba akuyang'ana m'manja mwako asanayankhe.

Chaka china, ndili mu sitandade 5, kunagwa mvula yamphepo yochokera ku Mozambique imene inasasula madenga ndi kugonetsa mpunga m'madambo. Itakata, a Sumani anapeza mbalame ili khale m'bwato mwawo, itanyowa, ikulephera kuuluka. Inali yakuda bii kumsana, yoyera mbee kumimba ndi pachipumi, mchira wake wamphanda. Anaivindikira ndi dengu pakhonde n'kumaidyetsa usipa.

M'mudzi anayamba kunong'ona. Mwana wa pa nyumba yoyandikana nafe anali atadwala malungo, ndipo amayi ena pachitsime ankati mbalame yosadziwika siibwera yokha, imachita kutumidwa. Amayi anandiletsa kupondako, koma ndinkapitabe pobwera kusukulu, n'kumasuzumira m'mipata ya dengu.

Aphunzitsi athu anaijambula pafoni n'kutumiza kwa anthu ofufuza za mbalame. Posakhalitsa kunabwera mayi wina wochokera ku Lilongwe, magalasi oonera patali ali pakhosi.

"Bambo, munaipeza pati kwenikweni?" anafunsa mayiyo.

"Mwatumidwa ndi ndani?" anatero a Sumani, osasuntha pa dengu lomwe analitsamiza mwendo. Ankaganiza kuti ndi wa boma, wabwera kudzalanda maukonde.

"Palibe wandituma. Pachithunzipo ikuoneka ngati mbalame ya kunyanja yamchere. Koma zithunzi zimanama, ndipo ndamva kuti munagwirapo ntchito kugombe la ku Mozambique. Simunabwere nayo, kapena kupatsidwa ndi wina?"

"Ndinachokako tsitsi langa lili lakuda. Ndiye ndaisunga m'thumba zaka zonsezi?"

Kenako a Sumani anavundukula dengu. Mayiyo anatambasula mapiko a mbalameyo, anayeza mlomo, anayang'anitsitsa pachipumi, chifukwa ati ziliko mbalame za m'nyanja yathu zofanana nayo. Sanakhutire. Anawauza kuti amulondolere pamene panali bwato, ndipo anafunsa asodzi ena payekhapayekha. Ngakhale ine anandiitanira pambali.

"Iwe, unaiona liti koyamba? Inali yonyowa?"

Ndinayankha zoona, ngakhale ndinkadziwa kuti amayi anga akumva ndipo azindikira kuti sindinawamvere.

Pomaliza mayiyo ananena pamaso pa anthu kuti mbalameyo inakankhidwa ndi mphepo kuchokera kunyanja yamchere, koma akatswiri anzake ayenera kuona kaye umboni asanavomereze. Anapempha kuti aitenge.

"Ayi," anatero a Sumani. "Mukapita nayo, anthu awa adzati ndaibweza kumene ndinaitenga. Ikhale pompano, aione ikudya usipa ngati mbalame ina iliyonse."

Kuyambira tsiku limenelo dengu linkakhala lovundukula. Anthu ankadutsa n'kumaiyang'ana. Mwana uja anachira atalandira mankhwala kuchipatala, koma mbalameyo inafa sabata isanathe. A Sumani anaikwirira masana, pansi pa mtengo wa mango, ataitana anthu awiri kuti aonerere.

Patapita miyezi aphunzitsi anabwera kudzanena kuti akatswiri aja avomereza. A Sumani anapitiriza kusoka ukonde.

"Avomereza chiyani? Kuti ndili ndi maso?"

Amayi ena sanasiye kuwalambalala panjira mpaka tsiku limene a Sumani anamwalira.

Lero ndine namwino, ndipo odwala amandiuza zinthu zina zovuta kukhulupirira. Ndimafunsa mafunso onse oyenera kufunsa. Koma ndimayamba ndakhala pansi pafupi nawo, chifukwa ndinaona nkhope ya munthu wokalamba amene ankanena zoona, mbali zonse akumuyesa wabodza.