Ndinavala Chitenje cha Achemwali M'sewero la M'bala

Inu owerenga, banja la achemwali anga ndapasula ndine, ndipo ndapasula ndi kasewero kosakwana ola limodzi. Mutu wanga sukugwira, ndiye mundimvere.

Tili ndi kagulu ka zisudzo, anyamata anayi, tonse ana a pa esiteti ya tiyi kuno ku Thyolo. Holo tilibe. Timasewera Lamulungu masana m'kabala kena kapafupi ndi malayini a antchito. Timangosuntha mabenchi basi, owonera ali pomwepa, moti ukatambasula dzanja ugwetsa botolo la munthu. Sitilemba kalikonse. Timagwirizana mutu, kenako timatsata komwe anthu akusekera. Atsikana salola kusewera m'bala, ndiye mbali ya mzimayi ndimatenga ine.

Achemwali amathyola tiyi. Tsiku lina anandiuza akulira kuti akapitawo awo akuwafuna, ati akakana asayembekezere kulembedwanso sizoni ikubwerayi. Iwo anakana. Anandichonderera kuti ndisauze munthu, ngakhale alamu, poti alamu ndi amtima wapachala. Ine pakamwa ndikuti pepani, m'mutu ndikuti: sewerotu ili! Sindinafike n'kunyumba komwe, mameseji anali atapita kale kwa anzanga.

Ndinkadzinamiza kuti ndikuwamenyera nkhondo. Maina tinasintha, ndipo tinapangana kuti mzimayiyo akana mpaka mapeto. Koma Lamulungulo, pothamanga, ndinasolola chitenje pachingwe kwa amayi osayang'ana. Chinali cha achemwali, chobiriwira chambalame, chomwe alamu anawagulira ku Limbe.

Sewero linagwira, abale. Mnzanga ankamenya ndodo pagambuti ngati akapitawo aja enieni, anthu kuseka mpaka misozi. Ndinakana kamodzi, kawiri. Ndiye bala yonse inayamba kukuwa: “Vomera iwe! Ana adya chiyani?” Mowa sindinalawe, koma phokosolo linandiledzeretsa. Ndinatula dengu la tiyi, ndinatsinzinira anthu, n'kumutsata mnzanga kuseri kwa kauntala ndikudzigwedeza.

Nditatulukako, bambo wina wakutsogolo anagwira nsonga ya chitenje n'kuloza pakona. “Aaa, nsaluyitu ndi ya kunyumba kwa awa!”

Pakonapo panali alamu. Sindinawaone akulowa. Anaika kapu pansi bwinobwino n'kutuluka.

Lolemba anamanga katundu n'kubwerera kwawo ku Thekerani, kusiya ana awiri. Ankhoswe akhala kawiri. Ndinagwada, ndinalumbira kuti mapetowo ndinapeka pomwepo chifukwa cha kukuwa kwa anthu. Alamu anangoti, “Mlongo wake weniweni wationetsa masanasana. Ine nditsutse chiyani?”

Nkhani inawafikanso akapitawo, ndipo dzina la achemwali silinatuluke pa mndandanda wa olembedwanso ntchito. Achemwali akamadutsa pamalayini, anthu ena amanong'ona dala kuti “vomera”. Kutchalitchi anasiya kupita. Ine anandiyankhula kamodzi kokha, atatembenukira kukhoma: “Munthu wamphamvu ndinamukana ndekha. Wandivomerera ndiwe.”

Ndafulasha alamu mpaka chala kuwawa. Ndagula mayunitsi, ndaimba, amadula. Ndabwereka foni ya mnzanga, atangomva mawu anga adulanso. Ndinafuna kukonza sewero lina loti tinene zoona m'bala momwemo, amayi anandifunsa ngati sindinakhute kumuvula mwana wawo pagulu.

Anzanga azisudzo, makamaka inu osewera m'timabala ta kwanu komwe: mmenemo mulibe mlendo. Kusintha dzina sikubisa munthu kwa anthu omwe amaima naye pasikelo yoyezera tiyi tsiku ndi tsiku. Zomwe wakuuza m'bale wako akulira si mutu wa sewero. Ndipo oledzera akayamba kukuwa, kumbukirani kuti iwo mawa aiwala, koma mwini nkhaniyo adzuka nayo.

Ngati mukuwerenga izi muli ku Thekerani, ndipo mukumudziwa bambo amene wabwerako ku esiteti mwadzidzidzi, wosafuna kunena chifukwa, chonde mupititsireni pepalali. Alamu, ine mundide moyo wonse, ndavomera. Koma akazi anu sanakulakwireni. Ana akufunsa.